Tifunseni za Zida za Disco: malaiti ndi laputopu

Mwezi uno mafunso ambiri omwe mwatumiza ndi okhudza malaiti, sinanga nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe yafika ndiye aliyense akufuna holo yake iziwala mosiyana ndi ya mnzake. Tasankhapo angapo, ena tawafupikitsa pang'ono.

FUNSO: Ine ndimaimba disco mmaukwati kuno ku Chilomoni ndi madera ozungulira. Ndili ndi malaiti a par (aja owala ataima malo amodzi) okwana 8 ndi ma moving head (aja otembenuza mutu) awiri, onse ndimangowaika pa sound kuti azitsatira nyimbo okha. Nde tsiku lina pa ukwati abusa akupemphera malaiti anangoyamba kuthwanima chifukwa mawu awo amamveka kwambiri pa sipika, ankhoswe anabwera kuzandiuza kuti ndizimitse zonse mpaka perekani-perekani anachitika kuli mdima mdima. Ndamva kuti ndi laputopu munthu umatha kuwalamula wekha koma sindikudziwa poyambira komanso ndalama zanga ndi zochepa. Ndithandizeni.

YANKHO: Achimwene, vuto lanu ndi la ma DJ ambiri ndipo silochokera ku malaiti ayi. Pa sound laiti imangomva phokoso kudzera mu ka maikolofoni kamene kali mkati mwake basi, siidziwa kuti uku ndi kupemphera, uku ndi kudula keke, uku ndi gule. Amene amadziwa zimenezo ndinu, ndiye chofunika nchakuti mphamvu yosankha ibwerere mmanja mwanu.

Tiyambe ndi chimene chili kumbuyo kwa malaiti anuwo. Mukaona pali mabowo awiri olembedwa DMX IN ndi DMX OUT. DMX512 ndi njira imene malaiti amalandirira malamulo, inakhazikitsidwa mu 1986 ndi bungwe la ku America la USITT ndipo mpaka lero pafupifupi laiti iliyonse ya pa siteji imamva imeneyi, kaya ndi yodula kaya ndi yotchipa ya ku China. Pa nthambo imodzi pamadutsa ma channel 512, ndipo channel iliyonse imanyamula nambala yoyambira pa 0 kulekeza 255. Ndiye tinene par yanu ili pa mode ya ma channel 7, nthawi zambiri imodzi imakhala ya kuwala konse, ina ya kufiira, ina gilini, ina buluu, ina ya strobe (kuthwanima kothamanga) ndi zina zotero, koma ndondomeko yake imasiyana laiti ndi laiti choncho kapepala kamene kanabwera mu katoni musakataye, ngati munataya kale tifikapo mmunsimu.

Zogula ndi zochepa. Mukufunika kachipangizo kochoka pa USB ya laputopu kupita ku DMX, ndi makebulo olumikiza laiti ina ku inzake mondondozana, kuchoka pa OUT ya iyi kulowa pa IN ya yotsatira mpaka yomaliza. Pulogalamu simukuyenera kugula. QLC+ ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ngakhale Linux, ndipo siifuna kompyuta yamphamvu, laputopu yakale ija munaisiya mu kabati ikhoza kugwira ntchitoyi bwinobwino. Palinso FreeStyler ya pa Windows, nayonso yaulere. Ine ndingakulangizeni QLC+ chifukwa imamvana ndi tizipangizo tambiri ta USB, kuphatikiza totchipa tija timalembedwa kuti uDMX ndi ta kampani ya Enttec. Chenjezo limodzi pogula: pali tizipangizo tina tomwe timagwira ndi pulogalamu ya kampani yake yokha, monga ta myDMX kapena Daslight, ndiye funsani kaye musanapereke ndalama.

Kenako address. Apa mpamene anthu ambiri amasokonekera koma ndi masamu a ku pulaimale. Laiti iliyonse mumaiuza nambala yoyambira kumvera. Par yoyamba ikakhala pa 1 ndipo imadya ma channel 7, yatenga 1 mpaka 7, yachiwiri iyambire pa 8, yachitatu 15, kenako 22, 29, 36, 43, ndipo yachisanu ndi chitatu pa 50 kulekeza 56. Ma moving head asiyireni malo patali, ngati ali a ma channel 16 woyamba muike pa 101 wachiwiri pa 117, kuti mawa mukagula ma par ena musadzayambenso kusintha chilichonse. Pa ka sikirini ka laitiyo mukasindikiza MENU mumaona zolembedwa ngati d001 kapena A001, pamenepo mpamene mumaika nambalayo nkusindikiza ENTER. Mukamaliza tengani masking tape mulembe nambala pa laiti iliyonse ndi mbali imene imakhala, kumanja kaya kumanzere, chifukwa anyamata okuthandizani kunyamula sakhala omwewo sabata iliyonse. Mu QLC+ mumalowetsa malaiti omwewo ndi manambala omwewo. Laiti yanu ikakhala kuti mulibemo mu mndandanda, zomwe zimachitika kwambiri ndi malaiti opanda dzina, tsegulani Simple Desk muzikweza channel imodzi imodzi nkumalemba pa pepala chimene chachitika, kenako mupange mbiri ya laitiyo nokha mu Fixture Definition Editor imene imabwera limodzi ndi pulogalamuyi. Zimatenga madzulo amodzi koma mumapanga kamodzi basi.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Scene ndi maonekedwe amodzi oima, mwati ma par onse akhale mtundu wakuti, kuwala kwakuti, ma moving head aloze pakuti, nkuseva. Chaser ndi ma scene angapo osinthana motsatana pa liwiro limene mwasankha. Anthu akangophunzira izi amathamangira kupanga ma chaser 40 a gule, pamene pa ukwati wa kwathu kuno gule weniweni ndi gawo lochepa. Tengani pulogalamu ya ukwati ija MC amagwira mmanja, ndi imene ikuuzeni ma scene ofunika.

Alendo akamalowa nkumakhala pansi pafunika scene yodekha, ma par aloze mmakoma kapena pa nsalu za dekoleshoni ndi mitundu ya ukwatiwo, palibe choyenda. Funsani a komiti kapena wokongoletsa holo masiku angapo ukwati usanafike kuti mitundu ndi yotani, akakuuzani kuti pepo ndi golide inu mukonzeretu kunyumba. Pemphero ndi zoyankhula za makolo, kuwala koyera kofunda pa high table ndi pomwe paima woyankhula, kwina konse kutsike mwina kufika theka. Polowa akwati ndi operekeza awo akuvina masitepe awo aja, apa ndiye chaser yoyenda pang'onopang'ono ndipo ma moving head aloze njira imene akudutsa, osati kumazungulira kudenga. Perekani-perekani amafuna kuwala kwambiri, anthu akuyenera kuona ndalama imene akuponya, a ma cashier akuwerenga ndi kusintha, ana akutola zagwa pansi kuika mu beseni, ndiye pakati pa holo pakhale poyera mbee ndipo mitundu izisewera mmbali mokha. Kudula keke, laiti imodzi kapena ziwiri pa keke ndi akwati. Mukapanga zimenezi kenako ma chaser a gule atatu kapena anayi, wodekha, wapakati ndi wothamanga, mwamaliza. Onjezani batani limodzi lalikulu la kuyatsa zonse zoyera, la nthawi imene mwana wasowa kapena wina wagwa, ndipo likhale pamalo poti dzanja lifike osayang'ana.

Chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri ndipo chimandipweteka mtima, ma par a buluu ndi gilini kuwalozetsa kumaso kwa akwati. Khungu lathu lakuda pa buluu limazimirira, nkhope siioneka, pa gilini munthu amaoneka ngati akudwala, ndipo diresi loyera limatenga mtundu uliwonse mwaliponyera. Mkwatibwi wakhala maola ambiri akumukonza kumaso, zithunzi zimenezo azazisunga moyo wake onse. Kumaso ikani zoyera zofunda, ngati ma par anu ali ndi amber kapena white gwiritsani ntchito imeneyo, ngati ndi a mitundu itatu yokha kwezani kufiira, gilini pang'ono kutsika, buluu pansi kwambiri mpaka muone khungu la mnzanu amene mwamuimika pamenepo likuoneka mmene limaonekera masana. Mitundu yamphamvu ipite kumbuyo kwawo ndi mmakoma.

Komanso scene iliyonse muipatse fade ya masekondi awiri kapena atatu, kuti posintha kuchoka pa gule kupita pa zoyankhula kuwala kuzisintha mofatsa osati mwadzidzidzi.

FUNSO: Ndine mayi, ndimakongoletsa maholo ku Area 25 ndipo ndinagula ma par 12 oti ndiziika mmakoma. QLC+ ndinaiphunzira ndithu koma pali zinthu ziwiri zikundizunguza mutu. Ndikasindikiza batani la kufiira kenako la buluu kumabwera pepo mmalo mwa buluu. Chachiwiri malaiti akumapeto kwa mzere amaphethira okha olo ndisakhudze kanthu, pena amasintha mtundu. Kodi anandigulitsa akufa?

YANKHO: Mayi, malaiti anu mwachidziwikire ndi abwino. Choyambacho ndi mmene pulogalamuyi imaganizira. Ma channel a kuwala ndi a mitundu amatsata lamulo lotchedwa HTP, kutanthauza kuti ma scene awiri akayaka limodzi nambala yaikulu ndi imene imapambana pa channel iliyonse. Scene ya kufiira yaika kufiira pa 255, ya buluu yaika buluu pa 255, simunazimitse yoyamba ija ndiye zonse ziwiri zikuyaka, zasakanikirana. Mankhwala ake ndi Solo Frame. Mu Virtual Console, gawo la QLC+ loikamo mabatani anu, pangani Solo Frame nkuika mabatani onse a mitundu mkati mwake, mukasindikiza lina lakale limazima lokha. Ma channel oyendetsa mutu wa moving head amatsata lamulo lina, LTP, lomwe lamulo lomaliza kubwera ndi limene limamveka, nchifukwa chake kumeneko simuona vuto lotere.

Chachiwiricho ndi nthambo, ndipo ndikuganiza kuti mukugwiritsa ntchito makebulo a maikolofoni chifukwa mapulagi ake a XLR a mano atatu ndi ofanana. Amalowa bwinobwino koma waya wa mkati ndi wosiyana, wa DMX anapangidwa kuti anyamule uthenga wothamanga kwambiri, ma bit 250,000 pa sekondi, ndipo amakhala wa ma ohm 110 mpaka 120. Pa mtunda waufupi ndi malaiti awiri atatu kebulo ya maiki imakhululuka, koma kuzungulira holo yonse ndi malaiti 12 uthenga umafika kumapeto utasokonekera. Chotchipa kwambiri choyamba kuyesa ndi terminator. Mukayang'ana laiti yomaliza bowo lake la OUT lili pululu, uthenga ukafika pamenepo umabwerera mmbuyo nkusokoneza umene ukubwera. Gulani pulagi ya XLR yaimuna ndi resistor ya ma ohm 120, mupite kwa aliyense wokonza mawailesi aiwotcherere pakati pa pini 2 ndi pini 3, mulowetse pa OUT ya laiti yomalizayo. Nthawi zambiri kuphethira kumathera pompo.

Zikapitirira onani izi. Pasakhale laiti ngakhale imodzi imene yatsala pa auto, sound kapena master, chifukwa yoteroyo imatha kutumiza malamulo ake pa nthambo yomweyo nkumalimbana ndi laputopu. Musagawe nthambo ya DMX pawiri ndi ka Y kaja, ngati mukufuna mzere wina upite kumanja wina kumanzere gulani splitter yeniyeni yoyendera magetsi. Lamulo la DMX limati pa mzere umodzi zisapitirire zida 32, inu muli kutali ndi pamenepo. Ndipo kuti mupeze kebulo yoola, chotsani malaiti onse nkumabwezera imodzi imodzi kuyambira pafupi ndi laputopu, pamene vuto layambira pamenepo mpomwe pali kebulo kapena laiti yolakwa.

FUNSO: Kuno ku Mzuzu ndimagwiritsa ntchito controller ya malaiti ija ya ma channel 192. Mnzanga akuti nditaye ndigule laputopu. Ndi zoona?

YANKHO: Osataya ayi achimwene. Bokosi limenelo limayendetsa malaiti 12 a ma channel 16 iliyonse, nchifukwa chake ma address ake amayenda 1, 17, 33, 49 kumapita choncho, ndipo limasunga ma scene okwanira ukwati uliwonse. Pamene limaperewera ndi pa ma moving head, kupanga kuti mutu uzizungulira bwino mozungulira pa bokosilo ndi ntchito yowawa pamene mu QLC+ muli EFX imene mumangosankha circle kapena eight nkunena kukula kwake. Komanso mabatani ake alibe maina, umayenera kukumbukira kuti bank 3 scene 5 ndi ya keke. Ngati muli ndi ma par okha khalani nalo. Mukadzagula laputopu bokosilo muziyenda nalo mu galimoto, ma address muike mofanana ndi a bokosilo, tsiku limene Windows yaganiza zopanga update pakati pa phwando mumangosolola kebulo nkulowetsa mu bokosi.

FUNSO: Ndikufuna malaiti azigunda limodzi ndi beat makamaka pa amapiano, koma ndili ndekha, manja ali pa nyimbo. Komanso kodi laputopu imodzi ingakwanitse nyimbo ndi malaiti?

YANKHO: Ingakwanitse koma zimatengera kachipangizo ka USB kamene muli nako. Tina totchipa, monga Open DMX USB ndi tofanana nako, tilibe ubongo wake, timadalira laputopu kuti izitumiza uthenga mosalekeza, ndiye laputopu ikatanganidwa kutsegula nyimbo malaiti amatha kudodoma kapena kuphethira. Ta mtundu wa DMX USB Pro tili ndi purosesa yakeyake imene imapitiriza kutumiza olo laputopu ichedwe pang'ono. Ngati ndalama zilipo gulani ya mtundu umenewo, ngati palibe ndiye bola malaputopu awiri, yabwino ya nyimbo, yakale ya malaiti.

Za beat pali njira ziwiri. Yaulere ndi masamu pang'ono: tengani 60,000 mugawe ndi BPM ya nyimbo (kuchuluka kwa ma beat ake pa mphindi imodzi), yankho lake ndi ma millisecond a beat imodzi. Nyimbo ya 120 ndi 500, amapiano ambiri amayenda cha mma 112 ndiye ndi pafupifupi 536. Koma simungamawerengere pa phwando, choncho ikani Speed Dial mu Virtual Console, ili ndi batani la tap, mumaligunda kanayi motsatira nyimbo chaser nkutengera liwiro lomwelo. Kuti musamalimbane ndi mouse mumdima pezani MIDI controller ya mabatani ambiri monga Akai APC Mini kapena Novation Launchpad, olo yakaunjika, QLC+ imazimva, batani lililonse likhale scene yake. Palinso njira yoyatsa QLC+ kuti muziilamula pa foni kudzera pa browser, pa port 9999, foni ndi laputopu zikakhala pa WiFi imodzi, zothandiza mukafuna kuima pakati pa holo nkumaona mmene alendo azionera.

Njira yachiwiri ndi yolipira. Pulogalamu ya SoundSwitch imalumikizana ndi mapulogalamu oimbira nyimbo a Serato, VirtualDJ ndi Engine DJ, imawerenga nyimbo zanu nkukonza malaiti kuti azitsatira pamene nyimbo yadekha ndi pamene yagwa mwamphamvu. Amene amaimbira nyimbo pa pulogalamu ya rekordbox ali ndi gawo la Lighting lomwe limagwira ndi kabokosi ka RB-DMX1. Kwa DJ amene ali yekha pa gule ndi zabwino kwambiri. Komabe ngakhale mugule zimenezi ma scene oima aja a pemphero ndi keke muyenera kukonza nokha.

Langizo langa pa amapiano, musasinthe mtundu pa beat iliyonse, maso amatopa msanga. Sinthani pa beat yachinayi kapena yachisanu ndi chitatu, ndipo zamphamvu zanu zonse muzisunge mpaka log drum italowa. Mukayatsa zonse kuyambira 7 koloko, ikamakwana 10 koloko mulibenso chatsopano choonetsa.

Ndipo strobe chonde samalani nayo. Pali anthu ena odwala khunyu amene kuthwanima kothamanga kumawagwetsa, ndipo pa ukwati pamakhala ana ndi agogo omwe simukuwadziwa. Isapitirire kuthwanima kanayi pa sekondi, ikhale ya masekondi ochepa, ndipo batani lake mu QLC+ mulike pa Flash kuti iziyaka pokhapokha chala chili pamenepo. Pa ma disco a kusukulu ine ndingati isiyeni kumene.

FUNSO: Magetsi a ESCOM akathima nkuyatsa jenereta, ma moving head anga amayamba kuzungulira okha ngati mphindi imodzi ndipo sabata yatha wina anapsa. Komanso wojambula vidiyo amadandaula kuti pa kamera pake pamaoneka mizere. Nditani? Ndili ku Zomba.

YANKHO: Kuzungulirako si vuto, moving head iliyonse ikangolandira magetsi imayamba yadzifufuza pomwe pali poyambira pake, imatembenuka mbali zonse kenako nkukhazikika. Ingoonetsetsani kuti scene imene ili pa laputopu nthawi imeneyo yatseka kuwala kwawo kuti asawalire anthu mmaso. Chimene chinapsereza winayo mwachidziwikire ndi nthawi yosinthira ija. Jenereta ikangolira kumene magetsi ake amakhala asanakhazikike, amakwera nkutsika, ndiye magetsi akathima thimitsani switch ya malaiti kaye, jenereta ilire kanthawi, muyatse zokuzira mawu kenako malaiti pambuyo. ESCOM ikabwerera chitaninso chimodzimodzi. Fridge guard ija timaika pa firiji imathandiza pa mzere wa malaiti chifukwa imadikira kaye isanalole magetsi kudutsa, ingoonani kuti ma amp ake akukwanira katundu amene mwaikapo.

Werengeraninso katundu wanu. Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fuse ya ma amp 13, pa ma volt 230 ndi pafupifupi ma watt 3,000 basi. Ma par a LED sadya zambiri, wakudya kwambiri ndi makina a utsi, a ma watt 1,500 akamatenthetsa amakoka ma amp opitirira 6 okha, ndipo amayaka nkuzima okha usiku onse, pa jenereta yaing'ono nthawi iliyonse akayaka magetsi amagwa ndipo malaiti ena amayambiranso. Apatseni soketi yawoyawo, mukakhala pa jenereta yaing'ono azimitseni. Laputopu ili ndi batire ndiye siizima, koma fayilo yanu ya QLC+ ija yothera ndi .qxw ikopereni pa flash ndi pa foni, laputopu ikabedwa kapena kufa ntchito ya miyezi isapite nayo.

Za mizere ya pa kamera, malaiti a LED akamachepetsa kuwala sachepetsa zenizeni, amayaka nkuzima mothamanga kwambiri moti diso siliona koma kamera imaona, ndipo otchipa amachita izi pa liwiro lotsika. Mizere imaoneka kwambiri laiti ikakhala pa kuwala kochepa. Ndiye malaiti amene akuloza akwati akhale pa 255, ngati awala mopitirira asunthireni kutali mmalo mowatsitsa pa laputopu. Wojambulayo naye aike kamera pa mafelemu 25 ndi shutter ya 1/50, zogwirizana ndi magetsi athu a 50 Hz, chifukwa akaithamangitsa kufika 1/500 mizere imachuluka. Mufike naye pa holo ola limodzi alendo asanabwere, muyatse scene iliyonse iye akuyang'ana pa sikirini yake, imene yaonetsa mizere muikonze pompo nkuseva.